Malonje a Mmisiri wa Mijigo

Ine ndine Antónia, wogulitsa nyemba pamsika wa ku Milange, ndipo anthu amati ndili ndi mtima wapachala. Sindikana. M'banja mwathu pakamwa ponse panabwera kwa ine, achemwali anga a Bernardina n'kutsala ndi manja. Iwowo chibadwire ndi anthu ofatsa, oti mbuzi ikawadyera ndiwo padimba amayamba ndi iwo kupepesa kwa mwini mbuzi. Koma muwapatse chinthu chowonongeka, kaya loko, kaya tcheni cha njinga, muona zala zikuyenda zokha osafunsa munthu.

Tinabadwira m'mudzi wa panjira yopita ku Molumbo, ulendo wa theka la tsiku pa njinga kuchokera ku vila, ndiko kuti tauni ya Milange. Bambo athu ankagwira ntchito m'minda ya tiyi ya m'munsi mwa phiri la Tumbine. Achemwali anaphunzira makalasi awiri okha, kenako anakwatiwa ndi a Fabião, munthu wamtali woseka ndi aliyense, nabereka ana aakazi atatu. Nkhondo itatifika mu 1986 tinathawa monga anathawira anzathu onse. Tinawoloka mtsinje wa Muloza mitolo ili pamutu, n'kukakhala zaka zisanu ndi zitatu mumsasa wa othawa nkhondo tsidya la Malawi.

Chaka chachiwiri matenda a kolera analowa mumsasamo. Mjigo wa m'chigawo chathu unali utafa kwa milungu itatu, ndipo tonse tinkamwa madzi a m'khwawa momwe ena ankachapiramo matewera. A Fabião anadwala Lachiwiri m'mawa, Lachitatu tinali kumanda. Achemwali sanalire nthawi yaitali monga tinkayembekezera. Amisiri atabwera kudzakonza mjigo uja, iwo anakakhala pambali, mpango wakuda uli kumutu, kuyang'ana chitsulo chilichonse chimene chinkatuluka m'dzenjemo. Ulendo wachiwiri anawagwirira sipanala. Patapita miyezi, bungwe loona za madzi mumsasamo linawatenga pamodzi ndi amayi ena asanu kukaphunzira kwa milungu iwiri. Asanu enawo anatopa nayo ntchito yopanda malipiro, iwo okha ndi amene anapitiriza. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, mjigo ukangoyamba kulira mwachilendo, anthu ankatumiza uthenga kwa amake Inocência, poti ndilo dzina la mwana wawo woyamba.

Kumsasako tinaphunziranso chinthu china chimene palibe anatiitanira kusukulu. Munthu aliyense wokhala kuseri kwa tebulo, bolopeni ili m'manja, anali ndi mphamvu pa mimba zathu. Tinazindikira msanga kuti pokaonekera pamaso pake uvale nsanza, usadzole, uzyolike, mawu atsike, ndipo utchule ana onse ndi matenda onse. Amene ankafika atasamba bwino ankauzidwa kuti adikire bulangete la ulendo wina. Ine pa zimenezi ndinali katswiri, mpaka ndinkaphunzitsa obwera kumene. Sindichita nazo manyazi, chifukwa ana anakula ndi ufa umene tinkalandira mwanjira imeneyo.

Tinabwerera kwathu mu 1994, tikuimba nyimbo za kutchalitchi pa lole. Pamudzi tinapeza tchire lokhalokha, tinangozindikira malo athu chifukwa cha mitengo iwiri ya mango imene bambo anabzala. Tinamanga, tinaswa mphanje, tinabzala. Mvula inatinamiza chaka chimenecho. Ine ndinali ndi mwamuna wopita kukatenga katundu wa amalonda pamalire, choncho pakhomo panga utsi unkafuka. Achemwali anakolola madengu anayi a chimanga, ana ali atatu, ndipo chakudya cha thandizo chinali chikupita kumapeto. Tsiku lina tikupeta anandiuza mosakweza mawu kuti mvula ikayamba adzawoloka Muloza kukathyola tiyi m'maesiteti a ku Mulanje, ndipo ana adzandisiyira ine. Zinandiwawa kwambiri. Munthu wabwerera kwawo ndi nyimbo, abwererenso tsidya ndi dengu kumsana, ana n'kukula osamuona.

Mwezi wa Ogasiti, itatha misa, akatekisita analengeza kuti bungwe lina likukumba mijigo yatsopano ndi kudzutsa yakale m'boma lonse, ndipo likufuna mmisiri mmodzi m'dera lililonse. Wosankhidwa adzalandira njinga, thumba la zida ndi malipiro a pamwezi. Ofuna apite ku vila Lolemba kukachita entrevista, ndiko kuti kukafunsidwa mafunso pamaso pa akuluakulu. Ndinawatsina achemwali pantchafu m'tchalitchi momwemo.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndikuvomera poyera. Ndinadziika kukhala mphunzitsi wawo. Ndinawasankhira chitenje chong'ambika chimene ankapita nacho kumunda, ndinawaletsa mafuta, ndinawauza kuti nsapato azisiye. Ndinawaloweza mawu oti akanene: kuti ndi namfedwa, ana ndi atatu, munda unapsa, alibe wowathandiza. Iwo anandifunsa kamodzi kokha ngati za mijigo asakanene. Ndinawayankha kuti akakanena kuti amadziwa zinthu, akuluakuluwo akaganiza kuti angathe kudzithandiza okha, ntchito n'kupatsa wina wovutika kuposa iwo. Ndinalankhula ndi mtima wonse ngati munthu wodziwa dziko, ndipo iwo anandimvera.

Lolemba tinafika ku vila dzuwa lisanatenthe. Pakhonde la nyumba yofunsira mafunso panali amuna oposa makumi atatu, malaya ositasita, ena obwereka poti manja ankalekera m'zigongono. Mkazi anali achemwali okha. Ine ndinakhala patsinde pa mtengo tsidya la msewu. Dzina lawo litaitanidwa analowa, ndipo sindinamalize n'komwe kusenda chinangwa chimene ndinali kudya, ndinangowaona akutulukira khomo lina atanyamula khasu latsopano ndi kathumba ka mbewu.

Zimene zinachitika anandifotokozera panjira. M'chipindamo munali senhor Afonso, mkulu wa amisiri wochokera ku Quelimane, wolankhula Chinyanja chophunzira pamsewu, ndi dona Lucrécia, mayi wa konkuno amene ankalemba mayina. Achemwali anagwada pakhomo n'kunena zonse zimene ndinawaloweza, osasiyako ngakhale liwu. Senhor Afonso anawafunsa ngati amadziwa za bomba, poti ndi momwe a boma amatchulira mjigo. Iwo, maso ali pansi, anati pang'ono pokha, ndi munthu wosaphunzira. Dona Lucrécia anawamvera chisoni, naganiza kuti mayiyu wasokera khomo. Anawagwira dzanja bwinobwino n'kuwaperekeza kuseri kwa nyumba, kumene ankagawa makasu kwa obwerera kuchokera kumisasa. Achemwali anaopa kukana, analandira khasu, anaomba m'manja. Amuna a pakhonde aja anaseka mpaka ena kugwira m'mimba.

Tinapitiriza ulendo wobwerera kumudzi. Ine ndinali ndi mkwiyo, koma woti ndimukwiyire ndinamusowa, poti wolakwa ndinali ndemwe. Titatsala pang'ono kufika, iwo anayang'ana khasu lija n'kunena kuti ndi labwino ndithu, chitsulo chake ncholimba. Bwenzi atandimenya nalo, zikanandipepukira.

Patapita masiku atatu kunabwera alamu athu a Vasco, mng'ono wa malemu a Fabião, amene amakhala kufupi ndi Molumbo. Tinawayalira mphasa pansi pa mango, tinawapatsa madzi, ndipo atapuma achemwali anawafunsa malonje. Kwathu kuno mlendo sangoti ndabwera. Amayamba kumene anachokera, momwe anawasiyira a kunyumba, ndi zonse zimene anakumana nazo panjira, eni khomo akuvomera ndi kuomba m'manja. A Vasco ndi anthu odziwa kufotokoza. Anati ananyamuka tambala woyamba, anapeza mlatho wa mitengo utagwa, anasenza njinga pamutu n'kuwoloka, anabwereranso kukasenza thumba la nyemba. Tayala litaphulika analidzaza udzu n'kumanga ndi luzi. Chakumasana anapeza mayi wapakati atakhala m'mbali mwa njira, matenda atamuyamba, ndipo anatsitsa nyemba zawo, kuzisiya kwa anthu osawadziwa, n'kumukweza mayiyo mpaka kwa mzamba. Pomaliza, ngati nkhani yaing'ono, anati anthu a madzi aja sanapeze mmisiri wa dera la Molumbo, choncho Lachisanu la sabata yamawa akafunsa anthu komweko.

Mlendo amadzadi ndi kalumo kakuthwa. Ine ndinadzuka pamphasa. Achemwali anapukusa mutu, nati nkhope yawo akuluakulu aja akuidziwa kale, sangakadzichititsenso manyazi kachiwiri. Ndinawauza kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kenako ndinachita chimene sindichitachita: ndinapepesa pamaso pa alamu. Ndinati nzeru zanga zinali za kumsasa, kumene ankafuna osowa, pamene awa akufuna odziwa. Anavomera kuyesanso, koma ndikuganiza kuti anavomera pofuna kuti ndikhale chete.

Tinatsala ndi masiku asanu ndi atatu. M'mawa uliwonse tikaweruka kudimba ndinkaika chitseko chakale pa mitondo iwiri kuti chikhale tebulo, ndinkakhala kuseri kwake ndi kamtengo m'manja ngati bolopeni, n'kukhwimitsa nkhope ngati senhor Afonso. Ana aakazi aja ankabisala kuseri kwa nkhokwe akuseka. Tsiku loyamba ndinawaletsa kutchula umasiye ndi njala, ndipo anasiyadi. Koma pamenepo panatulukira vuto lina, lakale kuposa msasa. Ndikawafunsa ngati amatha kukonza mjigo, ankati amayesako. Ndikafunsa kuti anakonza ingati, ankati anzawo ndi amene ankathandiza. Ndikafunsa chimene amadziwa kuposa ena, ankati wodziwa ndi Mulungu yekha. Tsiku lachitatu ndinamenya chitseko chija mpaka chinagwa pamitondo.

Achemwali sakwiya, koma tsiku limenelo anandiyang'ana m'maso.

"Iwe Antónia, amayi anatilera kuti munthu sadziyamikira yekha, amamuyamikira ndi anzake. Ukufuna ndikakhale pamaso pa anthu n'kumati ine, ine, ngati tambala pachulu? Pakamwa panga sipangatuluke zimenezo."

Amayi anatileradi choncho ndithu. Kwathu mayi wophika bwino ukamuyamikira amati mchere unachepa. Wokolola nkhokwe ziwiri amati wapeza pang'ono pokazinga. Ndi ulemu wathu, ndipo pamudzi umatisunga bwino. Koma senhor wa ku Quelimane ali ndi anthu makumi atatu pakhonde, alibe nthawi yokafunsa anansi ako ngati ukudzichepetsa chabe. Tsiku limenelo ndinataya mtima, ndinayamba kuganiza za momwe ndidzagonekere ana asanu ndi awiri, anga anayi ndi awo atatu, m'nyumba yanga.

M'mawa mwake achemwali anapita kukatunga madzi kudambo, ulendo wa ola lathunthu kupita kokha, poti mjigo wa m'mudzi mwathu unazulidwa nthawi ya nkhondo. Atabwera anatula ndowa, osapukuta n'komwe madzi amene anawatsikira m'khosi, n'kundifunsa ngati tsiku lija alamu akufotokoza kuti anasenza njinga ndi kupulumutsa mayi wapakati ndinamva ngati akudzitama. Ndinati ayi, amafotokoza malonje, amangonena zimene zinachitika panjira.

"Ndiye chotsa chitseko chakocho," anatero. "Yala mphasa, undifunse malonje."

Ndinayala. Iwo anapita mpaka kunjira, anatembenuka, anabwera akuti odi ngati mlendo weniweni. Ndinawalandira, tinapatsana moni, ndinafunsa malonje. Anayambira pa mjigo wakufa uja ndi maliro a amuna awo. Kenako anayenda mjigo ndi mjigo ngati munthu wodutsa m'midzi. Inali khumi ndi inayi. Anafotokoza wa kusukulu umene unkatha malabala mwezi uliwonse, mpaka anazindikira kuti m'madzimo muli mchenga ndipo anakweza mapaipi pang'ono. Anafotokoza wa kumsika umene ndodo zake zachitsulo zinaduka n'kugwera pansi pa dzenje, amisiri a bungwe atanena kuti adikira galimoto ya ku Blantyre, iwo n'kupinda waya kukhala mbedza, n'kuwedza masiku awiri mpaka anazikola. Anafotokoza momwe amamvera ndi khutu lokha ngati vuto lili kumutu kwa mjigo kapena pansi pamadzi, ndi momwe anaphunzitsira amayi a m'chigawo chilichonse kumanga mabawuti sabata iliyonse. Pamene panali polephera ananenanso, osabisa. Ine ndinkakhala nawo khomo loyandikana zaka zonsezo, koma theka la zimenezi ndinali ndisanazimvepo. Ndinaiwala kuvomera, ndinangozindikira misozi ikugwera pamphasa.

Atamaliza anandifunsa ngati anama penapake. Ndinati ayi. Anafunsa ngati adzitama. Ndinati ayi. Anati basi, akawapatsa amenewo.

Masiku otsalawo ankakonzekera okha, ine wongothandiza. Tsiku lililonse ankabwereza malonje aja, kuwafupikitsa kuti akwane nthawi yophika tiyi, poti ndinawachenjeza kuti akuluakulu a maofesi satha kudikira. Nkhani ya kugwada anaiweruza okha: anati akaomba m'manja pakhomo monga mwa ulemu, kenako akakhala pampando, chifukwa mlendo amapatsidwa pokhala ndipo sakana. Za maso anati wofotokoza malonje sayang'ana nyerere, amayang'ana mwini khomo. Manja awo, amene ali ndi zipsera za sipanala ndipo ankakonda kuwabisa m'chitenje, anati akawaika poonekera. Inocência anawachapira diresi la buluu la kutchalitchi, tinabwereka nsimbi ya makala kwa akatekisita, ndipo mafuta amene ndinawaletsa tsiku lija ndinawagulira ndine.

Tinanyamuka Lachitatu pa njinga imodzi yobwereka, kupalasa mosinthana, diresi lili m'pepala kuti lisalowe fumbi. Msewu wa ku Molumbo masiku amenewo unali dzina lokha. Pena tinkakankha, pena tinkanyamula, ndipo tinkasamala kuponda momwe anapondamo anzathu, poti zophulika za m'nthaka zimene nkhondo inasiya zinali zisanachotsedwe zonse. Tinafika kwa a Vasco Lachinayi madzulo miyendo itatupa.

Lachisanu mafunso anachitikira m'sitolo yakale yopanda magalasi m'mazenera. Panali amuna khumi ndi mmodzi. Mmodzi mwa iwo anali ku vila tsiku lija, ndipo atationa anayamba kunong'oneza anzake. Ndinamuyang'ana mpaka anatembenukira kukhoma. Achemwali anaitanidwa pomalizira, ndipo ine, poti manyazi ndinawasiya m'mimba mwa amayi, ndinazungulira kuseri n'kukaima pazenera.

Analowa, anaomba m'manja, anapereka moni m'Chipwitikizi chawo chochepacho. Dona Lucrécia anawazindikira, nawauza mokoma mtima kuti kuno makasu kulibe. Achemwali anathokoza chifukwa cha khasu lija, nati lero abwera ndi malonje, ndipo akupempha kuti awamvere. Senhor Afonso anamwetulira ngati munthu woti watopa ndipo wapeza chomuseketsa, naloza mpando. Anakhala, manja pamwamba pa tebulo, nayamba.

Ndinkaona nkhope ya senhor Afonso kuchokera pazenera. Poyamba ankaseweretsa bolopeni. Achemwali atafika pa mjigo wa mchenga, iye anaiika pansi. Atafika pa mbedza ya waya anawaimitsa, nafunsa kuti dzenjelo linali lakuya bwanji, waya anali wotani, ndodo zinadukira pati. Achemwali anayankha chilichonse mosazengereza, pena kusonyeza ndi zala. Anawafunsa za vuto lina limene iwo sanakumane nalo, ndipo anati chimenecho sanachionepo, koma akanayamba ndi kutsegula kumutu kuti aone. Kenako senhor anafunsa funso limene ndinkaliopa: ngati amadziwa zonsezi, n'chifukwa chiyani ku vila anati sadziwa kanthu.

"Senhor, tinakhala zaka zisanu ndi zitatu kumene munthu amadya akaonetsa kuti sangathe kanthu. Thupi linabwerera chaka chatha, koma mutu unatsalira tsidya. Wafika sabata ino."

Dona Lucrécia anasiya kulemba, nayang'ana pansi. Nayenso anali wobwerera, tinamva pambuyo pake.

Ndinkaganiza kuti zatha, koma senhor Afonso anatulutsa nsalu n'kuyala patebulo. Pansalupo panali chida chimene chimakhala pansi pa mjigo, chokoka madzi, chokhala ndi labala wozungulira. Anati chimenechi wachimanga yekha m'mawa womwewo ndi manja ake, monga amaphunzitsira amisiri ku Quelimane, ndipo akufuna achemwali atchule ziwalo zake. Achemwali anachitenga, anachitembenuza, anatchula ziwiri. Chala chawo chinaima pa labala uja.

Ndinaona khosi lawo likuyamba kuwerama. Mapewa anatsika, manja anayamba kubwerera m'chilolo. Madzi saiwala khwawa, ndipo ndinadziwa kuti aona chinachake cholakwika. Koma kunena zimene unachita ndi nkhani ina, kuuza mwamuna wophunzira, wa bolopeni, amene ntchito yako ili m'manja mwake, kuti walakwitsa, ndi nkhani inanso. Zimenezo sitinakonzekere. Ndinagwira chitsulo cha zenera, ndikuona kale dengu la tiyi kumsana kwawo. Ndikanatha kukuwa, koma kamodzi m'moyo wanga ndinatseka pakamwa.

Anapuma mpweya, anabwezera manja patebulo, anadzutsa mutu.

"Senhor, mundikhululukire, koma labala uyu mwamuika chozondoka. Kukamwa kwake kuyenera kuyang'ana kumwamba. Mukamutsitsa chonchi, amayi apopa mpaka msana kuwawa, madzi osabwera."

Anamuvula ndi chala chachikulu, anamutembenuza, anamubwezera, n'kuika chidacho pamaso pake.

Senhor Afonso anayang'ana dona Lucrécia, kenako anaseka, kuseka kwenikweni kwa munthu wopeza chimene anataya. Anati labala ameneyo wakhala akumuzondotsa dala kuyambira ku vila. Mwa amuna oposa makumi anayi, ambiri sanaone kanthu, ena mpaka anayamikira kuti wamanga bwino. Atatu anaona, anawadziwa ndi maso awo, koma anameza mawu. Anati iye amakhala ku ofesi, mijigo ili kutchire, ndipo mmisiri woopa kumuuza kuti walakwitsa adzamuphera anthu. Anauza dona Lucrécia kuti alembe dzina, ndipo anaimirira kuwagwira chanza.

Ntchito imeneyo achemwali anaigwira zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mpaka mawondo anayamba kukana njinga. Tsidya ankapitako kukagula sopo ndi shuga basi. Ana onse atatu anakulira pakhomo pa mayi awo, ndipo wotsiriza ndi namwino. Koma ine chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi masana a Lachisanu lomwelo.

Senhor Afonso atawafunsa kuti angayambe liti, iwo anati pobwera aona mjigo wa pabwalo la sukulu uli ndi udzu pakamwa, ndipo amayi akuchokera kudambo ndi madzi ofiira. Anapempha thumba la zida pomwepo. Anamanga chitenje pamwamba pa diresi la kutchalitchi lija, anaitana alamu a Vasco ndi amuna awiri mwa ofunsidwa aja, kuphatikizapo wonong'oneza uja, n'kuwaika pamzere kuti azilandira ndodo zachitsulo. Anawauza pogwira, pokoka ndi poika, ndipo amunawo anamvera osatsutsa. Anthu anayamba kusonkhana. Amayi amene ankapita kudambo anaima ndi ndowa zawo zopanda kanthu, osafuna kupitirira, osafunanso kukhulupirira. Panatha maola awiri. Atabwezera zonse, achemwali anagwira chogwirira n'kuyamba kupopa. Mjigo unatsokomola, unalavula dzimbiri, kenako madzi oyera anatuluka mpaka kuwanyowetsa mapazi. Amayi analiza nthungululu n'kuyamba kukankhana ndi ndowa.

Mayi wina wachikulire amene anaima pafupi nane anandikoka chitenje n'kundifunsa ngati mestre ameneyu, ndiko kuti mmisiri, wabwera ndi akuluakulu aja kuchokera ku Quelimane.

"Ayi, mayi, ndi wa konkuno," ndinatero, ndipo ndinanena mokweza kuti amve ndi a kumbuyo omwe. "Ndi achemwali anga."